Njira yokhalira loya wa milandu ya zomangamanga ndi inshuwalansi: malangizo kwa achinyamata a m'chigwa cha Shire

Munthu wokulira ku Chikwawa kapena ku Nsanje safunika kuuzidwa zimene madzi osefukira amachita. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira, dziko linataya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, msewu wa M1 unaduka m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo poyambira ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene inali ikumangidwa nthawi imeneyo, panawonongekanso. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadzawonjezera chilonda pa chilonda. Zimenezi tinaziona ndi maso athu. Chimene ambiri a ife sitichiona ndi chimene chimachitika matope akauma, pamene mwini ntchito, kontalakitala, injiniya, banki ndi kampani ya inshuwalansi amakhala pansi m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe n'kuyamba kufunsana kuti alipire ndani.

Funso limeneli lili ndi maloya ake, ndipo ndikulemba malangizowa chifukwa ndikukhulupirira kuti ana a m'chigwa muno ayenera kukhala ena mwa iwo. Milandu yambiri ya mtundu umenewu imagona pa mafunso awiri: kodi chimene chinachitikacho chinali choyembekezeka kapena chachilendo, ndipo ndani analemba chiyani pa tsiku liti. Funso loyambalo inu mumalidziwa kuyambira muli ana. Lachiwirili ndi limene muyenera kuliphunzira.

Poyambira pake: mukadali ku sekondale

Kaya muli pa Ngabu, pa Bangula, pa Chikwawa, pa Nsanje kapena pa sukulu yoyendera ya kumudzi, chofunika choyamba ndi kukhoza bwino mayeso a MSCE, ndi makirediti osachepera asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Anthu ambiri amauza ofuna uloya kuti masamu alibe nawo ntchito, koma pa nthambi imeneyi malangizo amenewo ndi osocheretsa. Mudzawerenga mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, mudzawerengera chiwongoladzanja cha ndalama zochedwa kulipidwa, ndipo mudzafunsa mafunso injiniya amene akufotokoza za kulemera kumene mlatho ungasenze. Choncho gwirani masamu, fizikisi ndi jogalafe ndi manja awiri.

Musataye Chisena kapena Chimang'anja chanu poganiza kuti n'zosayenera munthu wophunzira. Mboni imene inaona madzi akudutsa pamwamba pa kalavati usiku imafotokoza bwino m'chilankhulo chake, ndipo loya amene akumva yekha mawu a mboniyo, osadikira womasulira, amagwira mfundo zimene anzake zimawadutsa.

Digiri ya malamulo

Sukulu yakale kwambiri yophunzitsa malamulo m'dziko muno ili ku University of Malawi ku Zomba, kumene ambiri amakudziwabe ndi dzina la Chancellor College. Mwambo wa kumeneko wakhala wakuti munthu salowa maphunziro a malamulo atangochoka ku Folomu 4, koma amayamba waphunzira zina kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, kapena amabwera ndi digiri ina, kenako amapikisana ndi anzake kuti asankhidwe, ndipo maphunzirowo amatenga zaka zinayi. Catholic University of Malawi ku Nguludi nayonso imaphunzitsa malamulo. Musanapereke ndalama ku sukulu ina iliyonse, ya muno kapena ya kunja, funsani ku National Council for Higher Education ndi ku Council of Legal Education ngati digiri yake ndi yovomerezeka, chifukwa palibe chowawa ngati kugulitsa ng'ombe za makolo n'kudzamva pamapeto kuti pepala lanu silikufikitsani m'khoti. Dipuloma ya malamulo ya ku Staff Development Institute ku Mpemba ndi poponda pabwino, koma payokha siyimupanga munthu kukhala loya.

Ngati munayamba mwaphunzira uinjiniya kapena kuwerengera mitengo ya zomanga ku MUBAS, yunivesite ya ku Blantyre imene kale inkatchedwa Polytechnic, musaone ngati zaka zimenezo zinapita pachabe. Pa ntchito imeneyi inu ndi amene mwatsogola.

Muli pa sukulupo, ikani mtima pa malamulo a mgwirizano, malamulo a kulakwirana ndi kusasamala, malamulo a umboni, ndondomeko ya milandu ya pakati pa anthu, malamulo a malo ndi a zamalonda. Mudzadabwa kuona kuti mukuwerenga milandu yakale ya ku England. Chifukwa chake n'chakuti malamulo a kumeneko analowa m'dziko muno mu 1902, m'nthawi ya atsamunda, ndipo mfundo zake zambiri makhoti athu amazigwiritsabe ntchito. Chitsanzo ndi mlandu wa Hadley v Baxendale wa mu 1854. Chitsulo cha chigayo china ku Gloucester chinathyoka, onyamula katundu anachedwa kuchifikitsa kwa amisiri, chigayo chinaima masiku angapo, ndipo eni ake anafuna kulipidwa phindu limene anataya. Khoti linakana, ponena kuti wophwanya mgwirizano amalipira zotayika zokhazo zimene zimatsatira mwachibadwa kapena zimene mbali zonse zinaziganizira popangana. Mfundo imeneyi mudzakumana nayo tsiku limene mlimi wa nzimbe adzafuna kuti womanga ngalande wochedwa amulipire zokolola za chaka chonse.

Kuloledwa kuimira anthu m'khoti, ndi kumene mungayambire ntchito

Digiri payokha sikupatsani mphamvu yoimirira pamaso pa woweruza. Amene aphunzira m'masukulu ena ovomerezeka kapena kunja amadutsira ku Malawi Institute of Legal Education n'kulemba mayeso a malamulo a dziko lino. Kenako munthu amapempha kwa mkulu wa oweruza milandu kuti amulole, amakhala membala wa Malawi Law Society, ndipo chiphaso chogwirira ntchito amachikonzanso chaka ndi chaka. Woyamba kumene amagwira ntchito pansi pa loya wamkulu kwa nthawi yoikika ndi lamulo asanaloledwe kuima payekha.

Nthawi imeneyi ndi imene imaumba tsogolo lanu, choncho musasankhe malo potengera malipiro okha. Funani ofesi ya maloya imene imaimira makampani a inshuwalansi kapena makontalakitala, kapena lowani m'nthambi ya malamulo ya kampani ya inshuwalansi, ya banki, ya bungwe la boma loona za misewu, madzi kapena magetsi, kapenanso ku ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma, kumene milandu ya ntchito za boma imathera. N'kutheka kuti zaka zoyambirira mudzangopatsidwa milandu ya ngozi zapamsewu, chifukwa lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo milandu yotere ndi yochuluka. Musainyoze. M'menemo ndi mmene mudzaphunzirire kuwerenga chikalata cha inshuwalansi, kufunsa mboni ndi kuwerengera chipukuta misozi.

Kuphunzira mgwirizano wa zomangamanga

Apa ndi pamene mudzasiyane ndi maloya ena, ndipo palibe amene adzakuphunzitseni zonse m'kalasi. Ntchito zikuluzikulu za misewu, milatho ndi ngalande, makamaka zolipiridwa ndi mabanki a chitukuko monga World Bank ndi African Development Bank, kawirikawiri zimayendera mabuku a mgwirizano a bungwe la mainjiniya la FIDIC, limene likulu lake lili ku Geneva. Anthu amawatchula ndi mitundu ya zikuto zake. Buku lofiira limagwira ntchito pamene mapulani ajambulidwa ndi mwini ntchito, lachikasu pamene kontalakitala ajambula yekha n'kumanga, ndipo lasiliva pamene kontalakitala asenza pafupifupi chiopsezo chonse n'kudzapereka chinthu chomalizidwa. Pali mabuku a mu 1999 ndi ena okonzedwanso a mu 2017, ndipo chinthu choyamba kuchita mukalandira mlandu ndi kuona kuti mgwirizanowo ukutsata ati, komanso kuti ndime zapadera za ntchito imeneyo zasintha chiyani. Ndaonapo maloya akutsutsana kwa nthawi yaitali pa ndime imene eni ake anaifafaniza kale pa tsamba lakumapeto.

Pezani buku lofiira n'kuliwerenga lonse, ndime ndi ndime, kosachepera kawiri. Mudzapeza kuti kontalakitala amene akufuna nthawi yowonjezera kapena ndalama zowonjezera ayenera kulemba kalata yodziwitsa injiniya woyang'anira ntchitoyo pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anadziwa, kapena anayenera kudziwa, za vutolo, ndipo akalephera, ufulu wake ukhoza kutayika ngakhale dandaulo lake litakhala loona. Masiku 28 ndi ochepa kwambiri pamene msewu waduka, foni sizikugwira ndipo antchito ali pa msasa wa anthu othawa madzi. Loya wabwino amaphunzitsa kasitomala wake za kalata imeneyi mvula isanayambe, osati mlandu utafika kale.

Tsopano taonani mmene nkhani ya madzi imakhalira. Malinga ndi buku lofiira la mu 1999, nyengo ikaipa mopitirira muyezo kontalakitala akhoza kupatsidwa nthawi yowonjezera koma osati ndalama. Koma ntchito ikawonongeka ndi mphamvu zachilengedwe zimene kontalakitala wodziwa ntchito yake sakanaziyembekezera kapena kuzitchinjiriza, chiopsezocho chimagwera mwini ntchito. Mkangano wonse umakhala pa mawu akuti kuyembekezera. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'chigwa chimene chinaona chigumula mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu 2023, n'kovuta kuti munthu aime m'khoti n'kunena kuti samadziwa kuti Mwanza, Thangadzi, Lalanje kapena Ruo amasefukira. Komabe si kusefukira kulikonse kumene kuli kofanana, ndipo ntchito ya loya ndi kusonyeza, mothandizidwa ndi akatswiri a za madzi, ngati madzi a chaka chimenecho anaposa muyezo umene mlatho kapena kalavati anakonzedwera. Ife tonse tikudziwa kuti njanji ndi msewu wa pakati pa Bangula ndi Makhanga zinaduka mu 1997 pamene madzi anang'amba njira yatsopano pafupi ndi Chiromo. Mbiri yotereyi, imene kwa inu ndi nkhani za pakhonde, m'mlandu imasanduka umboni.

Chimodzimodzinso nthaka. Dothi la makande la kumbali ya Ngabu limafufuma likanyowa ndipo limang'ambika likauma, moti khoma lomangidwa pa maziko osaya limachita ming'alu pasanathe zaka zambiri. Khoma likang'ambika, mwini nyumba amaloza mmisiri kuti anaba simenti, mmisiri amaloza wojambula mapulani kuti sanapime nthaka, ndipo wojambulayo amaloza mwini nyumba kuti anakana kulipira zopimira. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ndi amchere, ndipo wokumba mjigo akakumana ndi madzi osamweka pamabuka funso lakuti alipidwe kapena ayi. Yankho limakhala m'mawu a mgwirizano: kodi analonjeza kukumba chabe, kapena analonjeza madzi abwino.

Phunziraninso mmene ndalama zimayendera. Mwini ntchito amasungako gawo la malipiro aliwonse, kawirikawiri 5 kapena 10 pa 100 iliyonse, kuti likhale chikole mpaka ntchito itatha ndiponso nthawi yokonza zolakwika, imene nthawi zambiri ndi chaka chimodzi, itadutsa. Kontalakitala amaperekanso chikalata cha banki kapena cha kampani ya inshuwalansi chotsimikizira kuti adzamaliza ntchito, ndi china chotsimikizira ndalama zimene anapatsidwiratu. Milandu yoletsa kapena yokakamiza kulipira zikalata zimenezi imakhala yachangu, ya masiku owerengeka, ndipo loya wosazidziwa amagonja asanayambe. Pa ntchito za boma werengani malamulo ogulira katundu ndi ntchito amene bungwe la PPDA limayang'anira, ndipo muzifufuza nthawi zonse ngati kontalakitala analembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga, limene ambiri amalidziwa ndi dzina la NCIC kuyambira pamene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, komanso ngati gulu limene analembetsamo likumulola kugwira ntchito ya mtengo umenewo.

Ndinene mosabisa kuti milandu yambiri imene idzayambe kukupezani kuchokera kwathu kuno siidzakhala ya mabuku a FIDIC. Idzakhala ya chipinda chophunziriramo, tchalitchi, golosale pa Nchalo kapena nyumba ya mphunzitsi wopuma ntchito, zimene anthu anapangana pakamwa kapena pa kapepala kamodzi. Mfundo zake ndi zomwezo, kungoti umboni wake mumautolera m'mauthenga a WhatsApp, m'malisiti a sitolo ya simenti ndi m'mbiri ya ndalama zotumizidwa pa foni.

Pitani pamalo pamene akumangapo

Ndili wamng'ono pa ntchito ndinalandira mlandu wa kontalakitala wina amene matumba ake a simenti, mchenga ndi miyala zinakokoloka usiku umodzi, ndipo kampani ya inshuwalansi inakana kulipira. Ndinakhulupirira mawu ake akuti madzi anali asanafikepo pamalopo, ndinalemba makalata amphamvu ndili mu ofesi, ndipo sindinapiteko. A mbali inayo anapitako. Anabwera ndi zithunzi za zizindikiro za madzi pa mitengo ya pafupi, ndi mawu a bambo wina wachikulire wa m'mudzimo amene anati anawachenjeza antchito kuti asaunjike katundu m'dambomo. Mlanduwo tinaumaliza mwa kukambirana, ndipo kasitomala wanga analandira zochepa kwambiri. Cholakwa chinali changa, ndipo kuyambira pamenepo sindilemba kalata yoyamba ndisanaponde pamalopo.

Mukafika, valani chisoti ndi nsapato zolimba, perekani ulemu kwa kapitawo, ndipo pemphani kuona buku limene amalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. M'buku limeneli mumapezeka chiwerengero cha antchito, makina amene anagwira ntchito, mvula imene inagwa ndi malangizo amene injiniya anapereka. Tolerani zolemba za misonkhano ya pamalopo, zotsatira za kupima konkire, ndondomeko ya nthawi ya ntchito ndi kusintha kwake konse, ndi zithunzi zokhala ndi masiku. Pitani ku nthambi ya boma yoona za nyengo mukapemphe kuchuluka kwa mvula kumene kunalembedwa pa siteshoni yapafupi, monga ya Ngabu, kwa zaka zambiri zapitazo, ndipo kumbukirani kuti madzi amene amasefukira kuno nthawi zambiri amakhala atagwa kumapiri a Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Blantyre, kotero mvula ya pamalopo yokha sifotokoza nkhani yonse. Kaonaneninso ndi a mfumu musanayambe kufunsa anthu a m'mudzi.

Zonsezi muziike pa pepala limodzi lalitali motsatira masiku, chochitika chilichonse pamzere wake pamodzi ndi chikalata chochitsimikizira. Milandu ya kuchedwa kwa ntchito imapambanidwa ndi pepala limeneli, chifukwa pamafunika kusonyeza kuti chochedwetsacho chinagwira ntchito imene ikanachedwetsa tsiku lomaliza, osati ntchito ya pambali chabe. Buku la malangizo la Society of Construction Law lonena za kuchedwa ndi kusokonekera kwa ntchito, limene linatuluka mu 2002 n'kukonzedwanso mu 2017, lidzakuthandizani kumvetsa njira zimene akatswiri amawerengera zimenezi.

Mbali ya inshuwalansi

Mfundo zake zikuluzikulu ndi zowerengeka, koma iliyonse ili ndi mano. Wogula inshuwalansi ayenera kuulula zonse zofunika zimene akudziwa, mfundo imene inakhazikika pa mlandu wa Carter v Boehm mu 1766, choncho amene wabisa kuti sitolo yake inalowapo madzi akudziika pa ngozi yokanidwa. Wogulayo ayeneranso kukhala ndi gawo lenileni pa chinthu chimene akuchiteteza. Salipidwa koposa zimene wataya. Kampani ikamulipira, imatenga malo ake n'kukasumira amene anachititsa ngoziyo. Ndipo pakakhala zifukwa zingapo, khoti limafufuza chimene chinachititsa kwenikweni: denga linagwa ndi mphepo, imene chikalata chikuteteza, kapena ndi mmangidwe woipa, umene chikalata chikukana.

Pali ndime ina, yokhudza katundu wolembetsedwa pa mtengo wotsika kuposa weniweni, imene imapweteka amalonda ambiri, makamaka m'zaka zino pamene kwacha yakhala ikugwa mphamvu ndipo mitengo ya zomangira ikukwera. Tiyerekeze kuti nyumba yosungiramo katundu ndi ya K100 miliyoni koma mwini wake anailembetsa pa K60 miliyoni, kenako madzi awononga za K20 miliyoni. Kumene kuli ndime imeneyi kampani imalipira magawo 60 pa 100 okha, ndiye kuti K12 miliyoni, n'kuchotsaponso ndalama imene mwini katundu anavomera kuti azidzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Kufotokozera munthu zimenezi atataya kale katundu ndi ntchito yowawa, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa maloya achinyamata kuti aziwerengera makasitomala awo zikalatazi pa nthawi yogula.

Pa zomangamanga, chikalata chachikulu ndi chimene amachitcha Contractors' All Risks. Dzinalo lisakunyengeni, chifukwa kumapeto kwake kumakhala mndandanda wa zosatetezedwa ndi zofunika kutsata, ndipo m'madera osefukira madzi si zachilendo kupeza ndime zonena za kumene katundu ayenera kusungidwa, kutalika kwa ngalande imene ingasiyidwe yosakwirira, kapena kukula kwa madzi amene zotchinga ziyenera kupirira. Yambani kuwerenga kuchokera kumapetoko.

Inshuwalansi ya ulimi yodalira muyezo wa mvula nayo ikukula, ndipo ili ndi mikangano yakeyake. Boma la Malawi linagula inshuwalansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 ku African Risk Capacity, bungwe la inshuwalansi ya maboma a mu Africa. Chilala chinafikadi, koma poyamba mawerengedwe a pa kompyuta anasonyeza kuti palibe cholipira, chifukwa anatengera chimanga chochedwa kucha pamene alimi ambiri anadzala chocha msanga. Ataunikanso, dziko linalandira madola 8.1 miliyoni kumayambiriro kwa 2017. Phunziro kwa loya ndi lakuti pa zikalata zotere mlandu umabisala m'manambala amene analowetsedwa pachiyambi, ndipo amene amadziwa zimene alimi amadzaladi ndi amene angaone cholakwacho.

Dziwaninso kuti makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene malinga ndi lamulo la Financial Services Act la mu 2010 ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo munthu amene sakukhutira akhoza kukadandaula kumeneko. Kwa mayi wa golosale amene dandaulo lake ndi laling'ono, njira imeneyi ikhoza kukhala yabwino kuposa mlandu wa zaka. Maphunziro a ku Insurance Institute of Malawi, kapena a Chartered Insurance Institute ya ku London, adzakuthandizani kulankhula chilankhulo chimodzi ndi anthu a m'makampaniwo.

Kudziwa bwalo loyenera ndi nthawi yake

Kumudzi timati mlandu suola, koma m'malamulo olembedwa umaola. Dandaulo la kuphwanya mgwirizano liyenera kufika ku khoti pasanathe zaka zisanu ndi chimodzi, la kuvulala kwa munthu chifukwa cha kusasamala pasanathe zaka zitatu, ndipo zikalata zambiri za inshuwalansi ndi za zomangamanga zimaika nthawi zawo zofupikirapo. Tsiku limene mwalandira fayilo, lembani pa chikuto chake tsiku limene mlanduwo udzaole.

Kenako onani njira imene mgwirizano unasankha. M'mabuku a FIDIC mkangano umayamba kwa injiniya, n'kupita ku kagulu ka akatswiri kamene kayenera kupereka chigamulo pasanathe masiku 84, ndipo wosakhutira ali ndi masiku 28 olembera kuti sakuvomereza, asanayesenso kukambirana n'kupita ku arbitration, kumene mbali ziwiri zimasankha woweruza wawo wapadera. Kulumpha sitepe imodzi kukhoza kubweza mlandu wonse poyambira. Malawi analowa m'pangano la New York lolemekeza zigamulo za oweruza otere mu 2021, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti chigamulo choperekedwa kunja chikhoza kukakamizidwa muno, ndi chathu kunja, nkhani yofunika pamene makontalakitala ambiri a ntchito zikuluzikulu ndi akunja. Kumene kulibe ndime yotere, milandu ikuluikulu ya zamalonda imapita ku nthambi ya zamalonda ya High Court, ndipo malamulo a ndondomeko a mu 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa kwa mkhalapakati. Inu amene munakulira pa bwalo la mfumu, kumene cholinga ndi chakuti anthu apitirize kukhalira limodzi, musaone kukambirana ngati kugonja. Sukulu imene yaima zaka zinayi chifukwa cha mlandu ndi ana amene akuphunzirira pansi pa mtengo m'kutentha kwa Okutobala.

Mukagwira ntchito zaka zingapo, lembetsani maphunziro a Chartered Institute of Arbitrators, amene amayenda m'magawo mpaka munthu kufika poweruza yekha. Amene angapeze thandizo la ndalama akhoza kukachita digiri yachiwiri ya malamulo a zomangamanga, monga ya ku King's College London, koma ndikulangiza kuti mupite mutagwirapo kale milandu, kuti mukafunse mafunso ochokera pa zimene munakumana nazo.

Mbiri yanu ndi ndalama za anthu

Gulu la anthu ogwira ntchito imeneyi m'dziko muno ndi laling'ono, ndipo onse amadziwana. Musaimire kontalakitala pa mlandu umene kampani ya inshuwalansi imene mumaigwirira ntchito ili mbali inayo. Ndalama za chipukuta misozi zikafika, zikhale mu akaunti ya makasitomala, ndipo mwini wake auzidwe tsiku lomwelo kuchuluka kwake kwenikweni ndi zimene mukuchotsapo. Ndikunena izi ndi mtima wowawa, chifukwa anthu ovulala pa ngozi amene sadziwa kuwerenga ndi amene amadyeredwa mosavuta, ndipo ambiri mwa iwo ndi abale athu. Pa ntchito za boma mudzakumananso ndi anthu ofuna kuti chikalata chilembedwe tsiku la m'mbuyo kuti chilowe m'masiku 28 aja. Kanani, ngakhale kasitomala atakuthawani.

Ntchito yambiri idzakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo palibe chifukwa chodziimbira mlandu pokhala kumeneko. Koma kuchoka ku Blantyre kutsika phiri kufika pa Thabwa si ulendo wautali, ndipo lamulo limafuna kuti loya azigwirako ntchito yothandiza osowa mwaulere. Gawo lanu mukhoza kulipereka kwa makomiti a sukulu, magulu a alimi a nzimbe ndi mpunga, ndi makontalakitala ang'onoang'ono a kuno, powalembera mgwirizano wa masamba awiri wonena mtengo, nthawi, amene adzagule zipangizo, ndi chimene chidzachitike madzi akabwera ntchito ili mkati.

Ngati mukadali pa sukulu ndipo mukufuna poyambira sabata ino, pitani pa chikwangwani cha ntchito ya chitukuko imene ili pafupi ndi kwanu, kaya ndi mlatho wa ku East Bank, ngalande kapena chipatala. Koperani m'kope dzina la mwini ntchito, la wopereka ndalama, la injiniya woyang'anira ndi la kontalakitala, pamodzi ndi tsiku loyambira ndi lomalizira. Kenako muzilemba m'kope lomwelo, mlungu ndi mlungu, zimene mukuona pamalopo: masiku amene kunagwa mvula, masiku amene makina anaima, ndi pamene madzi anafika.